Ma bit atatu odumphitsa mzere

Sabata ino tisiyeko kaye ndakatulo ndi nthano, ndikuuzeni mbiri ya kanthu kena kochepetsetsa, koti palibe mwa ife anakaonapo ndi maso, koma kamene kamagamula milandu miyandamiyanda pa sekondi iliyonse. Mlandu wake ndi umodzimodzi, ndipo mumaudziwa: pamzere pakadzaza, ayambe kudutsa ndani? Kuchigayo, kuchipatala, kubanki mwezi ukatha, funso limeneli layambanitsa anthu oti sadziwana n'komwe. M'mawaya olumikiza makompyuta nalonso lilimo, ndipo mainjiniya zinawatengera zaka 25 kuti apeze pomvana. Chimene anamvanacho ndi ma bit atatu. Bit, kwa amene mwaiwala, ndi kadontho kamodzi ka uthenga wa kompyuta, koti kamakhala 0 kapena 1 basi. Mukandandalika atatu, mutha kulemba nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 7.

Choyamba mudziwe kuti uthenga pa netiweki suyenda wathunthu. Chithunzi chomwe mwatumiza, mawu anu pa foni, fayilo ya ku ofesi, zonse zimadulidwadulidwa n'kumangidwa m'timaphukusi. Timaphukusi ta anthu osiyanasiyana timadutsa m'chingwe chimodzi motsatizana, ngati galimoto pa mlatho wopapatiza. Kamodzi kakakhala pamlatho, tinato tidikire.

Pa 22 May 1973, Robert Metcalfe, yemwe ankagwira ntchito kumalo a kafukufuku a kampani ya Xerox ku Palo Alto, ku California, analemba kalata yofotokoza njira yolumikizira makompyuta a m'nyumba imodzi ndi chingwe chimodzi. Anaitcha Ethernet, ndipo anaimanga limodzi ndi mnzake David Boggs. Nzeruyo anaitapa ku Hawaii, komwe gulu la Norman Abramson linkalumikiza makompyuta a pazilumba pogwiritsa ntchito wailesi. Lamulo la Ethernet linali la pabwalo lopanda mfumu. Usanayankhule, mvetsera. Ngati kuli zii, yankhula. Mukayambira limodzi awiri, nonse khalani chete, aliyense adikire kanthawi kake kosankhidwa ngati mwa maere, kenaka muyesenso. Kompyuta ya bwana ndi kompyuta ya kalaliki zinali chimodzimodzi pamaso pa chingwe.

Mu 1980 makampani atatu, DEC, Intel ndi Xerox, anasindikiza malamulo a Ethernet yothamanga ma bit 10 miliyoni pa sekondi. Tayang'anani envelopu ya kaphukusi kake. Paja byte imodzi ndi ma bit asanu ndi atatu. Panali ma byte 6 a keyala ya wolandira, 6 a keyala ya wotumiza, 2 onena mtundu wa katundu, kenaka katundu weniweniyo wosapitirira ma byte 1,500, ndi 4 kumapeto otsimikizira kuti palibe chawonongeka panjira. Zonse pamodzi 1,518. Malo oti mulembepo kuti "ine ndili pachangu" panalibe, ngakhale kadontho kamodzi. Sikuti anaiwala. Pa chingwe chomwe aliyense amangolowa akaona mpata, palibe woimirira pakhomo woti n'kuwerenga zoterozo.

Si onse anakondwa nazo. Mu February chaka chomwecho bungwe la mainjiniya la IEEE linayambitsa komiti yotchedwa 802 kuti ikonze muyezo umodzi wa manetiweki a m'maofesi ndi m'mafakitale, koma mkati mwa komitiyo munabuka nkhondo. A General Motors, opanga galimoto, ankati fakitale singayendere maere: makina ouzidwa kuti aime ayenera kuima pa nthawi yodziwika, osati "mpata ukapezeka". A IBM nawo anabwera ndi njira yawo, Token Ring. Iyi inali ngati chikho chimodzi cha thobwa choyenda mozungulira pagulu: wamwa ndi yekhayo amene chikho chili m'manja mwake. Makompyuta ankapatsirana kachizindikiro mozungulira, ndipo wotumiza uthenga anali yekhayo amene wakagwira. Tsono chidwi chathu chili apa. M'kachizindikiro kameneko munali ma bit atatu onena ulemerero wa uthenga, ndi ena atatu osungitsira malo, kuti kompyuta ya uthenga wofunika inene kuti ulendo wotsatira chikho chifikire kwa ine. Komiti inalephera kusankha, mpaka inavomereza njira zonse zitatu, iliyonse ndi nambala yake: 802.3 ya Ethernet, 802.4 yokomera a mafakitale, 802.5 ya IBM.

Ganizo loti mauthenga ali ndi maudindo silinayambire kwa IBM. Asilikali a ku America analinalo kale. M'zaka za m'ma 1960 anamanga netiweki yawoyawo ya mafoni yotchedwa AUTOVON. Mafoni ake ena anali ndi mabatani 16 m'malo mwa 12, ndipo anayi owonjezerawo anali olembedwa P, I, F ndi FO. Mkulu wa asilikali akapeza kuti mizere yonse yatanganidwa, ankadina batani la udindo wake, ndipo foni ya munthu wa pansi pake inkadulidwa pompo, nkhani ili mkamwa. Batani la FO linali la anthu ochepa zedi, monga pulezidenti ndi akuluakulu a nkhondo. Mu September 1981, pamene Jon Postel anasindikiza chikalata cha RFC 791 chofotokoza IP, chilankhulo chomwe intaneti yonse imayendera, maudindo a asilikaliwo analowamo ndi mayina awo omwe, m'ma bit atatu. Paja ndalama za kafukufukuyo zinkachokera ku unduna wa za chitetezo.

Mwina mufunsa kuti ngati IP inali nawo kale ma bit atatuwo, chovuta chinali chiyani? Taganizirani thumba lomwe mwatumiza pa basi. Mkati muli kalata yolembedwa kuti "mankhwala a odwala, fulumirani". Kondakitala satsegula thumba. Amawerenga zolembedwa panja, n'kuponya pamwamba pa matumba anzake. Uthenga wa IP ndi kalata ya mkatiyo, ndipo Ethernet ndiye thumba. Makina ogwira ntchito pa mlingo wa chingwe, umene mainjiniya amautcha link layer, amangoona thumba.

Nkhondo ya m'komiti ija inakathera pamsika, ndipo Ethernet inapambana. Sinapambane chifukwa cha nzeru zakuya ayi, koma mtengo. Inali yotchipa, opanga zida zake anali ambiri, ndipo kuyambira 1990 inayamba kuyenda pa mawaya opotana ofanana ndi a telefoni. M'chaka chomwecho kampani yaing'ono ya Kalpana inatulutsa kabokosi kotchedwa switch, komwe kompyuta iliyonse kapena kagulu ka makompyuta kamalowetsako chingwe chake. Kabokosika kamawerenga keyala pathumba n'kulitulutsira pakhomo loyenera. Kugundana kwa pabwalo kuja kunayamba kutha. Koma vuto silinafe, linangosintha zovala. Makompyuta khumi akatumiza maphukusi nthawi imodzi kupita ku khomo limodzi, switch imawasunga pamzere. Mzere ukadzaza, obwera mochedwa amatayidwa.

Tiwerengere limodzi. Pa liwiro la ma bit 10 miliyoni pa sekondi, phukusi lodzaza limatenga pafupifupi mamilisekondi 1.2 kuti lituluke. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mukapeza maphukusi 100 patsogolo panu, ndiye kuti mudikira mamilisekondi 120. Kwa imelo zimenezo si kanthu. Fayilo ikachedwa theka la sekondi palibe amadandaula, ndipo phukusi lake likatayika limatumizidwanso. Koma mawu a munthu ndi ena. Pa foni ya pa netiweki, mawu amadulidwa kawirikawiri m'tizidutswa ta mamilisekondi 20, ndipo bungwe la ITU limalangiza kuti ulendo wonse kuchoka pakamwa kufika kukhutu usapitirire mamilisekondi 150. Kupitirira apo anthu amayamba kulankhulira limodzi, kudulana mawu, ndi kufunsana kuti "mukundimva?" Kachidutswa ka mawu kofika mochedwa n'chimodzimodzi kotayika, chifukwa chiganizo chadutsa kale.

Ndiye mu 1995 kampani ya ku Israel ya VocalTec inatulutsa pulogalamu yoimbira foni pa intaneti, ndipo makampani anayamba kulota zoti mafoni ndi makompyuta a mu ofesi aziyenda pa chingwe chimodzi. Ambiri ankati apa Ethernet yafika pothera. Makampani a telefoni anali ndi njira yawo, ATM, osati makina otapira ndalama aja ayi, koma netiweki yodula uthenga wonse m'tizidutswa tofanana ta ma byte 53, yolonjeza mtundu uliwonse wa uthenga nthawi yake. Nambala yachilendoyo ili ndi nkhani yake: a ku America ankafuna katundu wa ma byte 64, a ku Ulaya ankafuna 32, anakumana pa 48 n'kuwonjezera 5 a envelopu, aliyense n'kubwerera kwawo osakhutira. A Hewlett-Packard nawo anayesa ndi 100VG-AnyLAN, yomwe inali ndi maudindo awiri, wamba ndi wapamwamba. Zonsezi zinagonja m'maofesi. Ethernet inangokwera liwiro, ma bit 100 miliyoni mu 1995, kenaka 1,000 miliyoni mu 1998, mtengo uli wotsika.

Komabe dzenje lija linalipo, ndipo komiti ya 802 inayenera kulikwirira. Timagulu tiwiri tinagwira ntchitoyo. Kena, kotchedwa 802.1Q, kankafuna njira yogawira switch imodzi kuti ikhale ngati manetiweki angapo osaonana, monga a ofesi ya malipiro paokha, alendo paokha. Kena, kotchedwa 802.1p, kankafuna njira yosankhira woyamba kudutsa. Onse ankasowa chinthu chimodzi, malo olembapo pathumba. Mu 1998 anamata chidindo cha ma byte anayi pakati pa keyala ya wotumiza ndi mawu onena mtundu wa katundu. Ma bit 16 oyamba amangonena kuti pano pali chidindo, ndipo nambala yake ndi 8100 m'kawerengedwe ka makompyuta. Ma bit 12 omaliza ndi nambala ya gulu, magulu okwana 4,094. Pakati pake pali ma bit athu atatu, ndi kamodzi kotsala.

Ma byte anayi okha, koma anavutitsa. Thumba lodzaza linakula kuchoka pa 1,518 kufika pa 1,522, ndipo makina akale ankalitaya poganiza kuti lawonongeka. Panafunika chikalata china, 802.3ac, chaka chomwecho, chongololeza kukulako. Kabit kotsala kaja nakonso kali ndi mbiri yomvetsa chisoni pang'ono. Anakaika kuti kathandize maphukusi odutsa pakati pa Ethernet ndi Token Ring, poti awiriwa ankalemba makeyala mosemphana. Token Ring itafa, kabitko kanapatsidwa ntchito ina: kusonyeza phukusi loti likhoza kutayidwa msanga zinthu zikathina. Ndipo dzina loti 802.1p, lomwe mpaka lero mulipeza pa makatoni a ma switch m'masitolo, ndi la chikalata chomwe sichinakhalepo pachokha nthawi yaitali. Ntchito ya kaguluko inalowetsedwa mu 802.1D ya 1998. Mmene ndikuonera ine, chimene chinachitika n'choti wopambana anavala malaya a wogonja. Maudindo asanu ndi atatu a IBM, omwe okonda Ethernet ankati ndi katundu wolemetsa chabe, ndi omwewo analowa pathumba.

Tsono pali chinthu china chimene chimandisangalatsa kuposa zonse. Mungaganize kuti 0 ndiye wotsikitsitsa, 1 pamwamba pake, mpaka 7. Ayi ndithu. Pa mndandanda umenewu, 0 amaposa 1. Chifukwa chake n'chomveka mukachilingalira. Makompyuta mamiliyoni omwe analipo kale sankadziwa za chidindo, ndipo phukusi lopanda chidindo linkatengedwa ngati la 0. Ameneyo ndiye munthu wamba. Koma pali mauthenga ena oyenera kukhala pansi pa munthu wamba, monga kukopera mafayilo osungira usiku, ntchito yoti ikhoza kudikira. Pansi pa 0 palibe nambala ina, choncho anatenga 1 n'kumuika kumbuyo kwa mzere. Mwa manambala onsewo, 1 yekha ndiye amene munthu amadzilemba pofuna kupatsa ena mpata. Sindikudabwa kuti sagwiritsidwa ntchito kwambiri.

Mndandandawo sunakhazikike. Mu 1998, 1 ndi 2 onse anali pansi pa 0, vidiyo inali pa 5, mawu pa 6, ndipo 7 anali wa mauthenga oyendetsa netiweki yeniyeniyo. Mu 2005 anaukonzanso: 2 anakwera pamwamba pa 0, vidiyo inatsikira pa 4, mawu pa 5, ndipo 6 ndi 7 anasiyidwira oyendetsa netiweki. Tsoka ilo, Wi-Fi inali itatengera kale mndandanda wakale. M'malamulo ake a 802.11e, omwe anatuluka mu 2005 momwemo, manambala asanu ndi atatuwo anawaunjika m'mizere inayi: 1 ndi 2 kumbuyo, 0 ndi 3 wamba, 4 ndi 5 vidiyo, 6 ndi 7 mawu. Mwaona chomwe chachitika? Phukusi la mawu lodindidwa 5 pa waya likafika pa Wi-Fi limaikidwa pamzere wa vidiyo. Kwa zaka zambiri zida zochuluka zinkachita zimenezi mwakachetechete, mpaka mu February 2018 pamene chikalata cha RFC 8325 chinalangiza kamasuliridwe koyenera. Aliyense ankatsata lamulo mokhulupirika, kungoti malamulowo anali awiri.

Koma vuto lalikulu si la manambala. Ndi la anthu, ndipo inu amene munaimapo pamzere mwaliona kale. Ngati chidindo cha 7 chimadumphitsa mzere, n'chiyani chingaletse aliyense kudzidinda 7? M'malamulo a 1998 mulibe choletsa. Kompyuta iliyonse ikhoza kulemba nambala yomwe yafuna. Onse akakhala odwala mwakayakaya, mzere umabwerera mwakale. Asilikali aja analibe vuto limeneli, poti wodina batani losayenera udindo wake ankakayankha kwa akuluakulu. Pa netiweki ya mu ofesi palibe khoti lotero.

Yankho lomwe oyang'anira manetiweki anapeza ndi kuika malire a chikhulupiriro. Switch imauzidwa kuti pakhomo ili ukhulupirire chidindo, pakhomo ilo ufufute n'kulemba 0. Mafoni a pa desiki a kampani ya Cisco, mwachitsanzo, amadinda mawu 5, ndipo kompyuta ikalumikizidwa kudzera kumbuyo kwa foniyo, maphukusi ake amabwezedwa pa 0 ngakhale atadzitama chotani. Ndiye kuti nambalayo payokha ndi pempho chabe. Mphamvu ili ndi amene wagwira makiyi a switch, ndipo iye ndi amene amasankha kuti mawu a ndani ndi ofunika. Akalakwitsa, zotsatira zake n'zoopsa. Switch ikauzidwa kuti nthawi zonse iyambe yamaliza mzere wapamwamba, ndipo mzerewo sukutha, a pansi sadutsa n'komwe. Mainjiniya vutoli amalitchula ndi mawu otanthauza kufa ndi njala. N'chifukwa chake ma switch ambiri amaika malire pa mzere wapamwamba, kapena kugawa mpata mosinthanasinthana, wamkulu katatu, wamng'ono kamodzi.

Chinanso, chidindochi sichiyenda ulendo wautali. Chili pathumba, ndipo thumba limathera pa rauta yoyamba, pomwe kalata imatulutsidwa n'kuikidwa m'thumba latsopano. Kuti ulemerero upitirire, wina ayenera kuukopera m'kalata ya IP ya mkati, yomwe mu December 1998 inapatsidwa ma bit asanu ndi limodzi a ntchito yomweyi m'malo mwa atatu a asilikali aja. Ndipo kalatayo ikatuluka m'netiweki ya kampani ina kulowa mwa ina, kawirikawiri eni ake amafufuta kapena kungonyalanyaza, poti sakhulupirira chidindo cha mlendo. Choncho mukamaimba pa WhatsApp kwa m'bale wanu ali ku Johannesburg mawu n'kumadukaduka, musaganize kuti pali nambala yomwe mukanadina kuti zikuyendereni. Palibe chidindo chochoka m'manja mwanu n'kukafika kumeneko chili chamoyo. Ndiponso chidindo sichikulitsa mlatho. Chimangosankha woti avutike pamene mlatho wachepa. Pachifukwa chimenechi alipo mainjiniya ambiri omwe amati m'malo movutika ndi manambala, ingogulani chingwe chachikulu. Komwe ndalama zilipo, nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Komwe chingwe ndi chimodzi, chopapatiza ndi chodula, ma bit atatuwa ndi omwe amalola kuti foni ya ku ofesi imveke pomwe wina akukopera filimu.

Nanga dandaulo la General Motors lija? Linabwerera. Ethernet italowa m'mafakitale, m'nyumba zojambulira nyimbo ndi m'galimoto momwe, zinaoneka kuti kukhala woyamba pamzere sikokwanira. Phukusi la 7 likafika pakhomo n'kupeza kuti phukusi lalikulu la 1 layamba kale kutuluka, liyenera kudikira kuti limalize. Pa liwiro la ma bit 100 miliyoni, kudikirako ndi pafupifupi mamilisekondi 0.12. Kwa khutu lanu si kanthu, koma kwa makina oyenda mogwirizana m'fakitale ndi nthawi yaitali, makamaka ikabwerezedwa pa switch iliyonse panjira. Kagulu ka komiti ya 802 komwe kanayamba ndi za nyimbo ndi vidiyo kanasintha dzina mu 2012 kukhala Time-Sensitive Networking, n'kuyamba kumanga pamwamba pa ma bit atatu omwewo. Mu 2015 anavomereza njira yotsegula ndi kutseka mzere uliwonse motsata wotchi, ngati maloboti a pamsewu. Mu 2016, m'zikalata za 802.1Qbu ndi 802.3br, analola chinthu chomwe Ethernet inali isanachitepo chiyambire 1973: kudula phukusi lili pakati potuluka kuti lofulumira lidutse.

Batani la FO lija ndi limeneli, labwerera patatha zaka pafupifupi 50, koma ndi ulemu pang'ono. Pa AUTOVON wodulidwa ankangomva kulira kwa foni, nkhani yake yathera pomwepo. Pa Ethernet phukusi lodulidwa silitayidwa. Limaima, lofulumira limadutsa, kenaka limapitiriza pomwe linalekezera, ndipo switch ya kutsidya imalumikiza zidutswazo. Lamulo limanenanso kuti chidutswa chilichonse chisachepere ma byte 64, motero phukusi laling'ono kwambiri silidulidwa n'komwe, ndipo wofulumirayo amalidikira kuti limalize.